A Dietrich Awiri, Mnzanga Mmodzi

Aphungu,

Ndine mnyamata wa zaka 16, ndipo kusukulu sindiyankhulayankhula. Nthawi yopuma ndimakadyera buledi wanga m'tchalitchi chakale cha kuseri kwa sukulu, uku ndikuwerenga miyala ya pamanda a mafumu a banja la Ebersgrün, amene ankalamulira dera lathu lino kalekale. M'kalasi amanditcha "Wakumanda."

Pali mtsikana wina, Jorinde, amene amakonda masewera a pakompyuta omwe inenso ndimakonda, aja umatenga banja lachifumu n'kumakwatitsa ana, kumenya nkhondo ndi kulanda malo. Iye walowetsa yekha banja la Ebersgrün m'masewerawo, ntchito ya miyezi inayi. Loweruka lapitali anandiitana kwawo. "Iwe Wakumanda, bwera udzaone akufa ako akuyenda," anatero. Chiyambire sekondale palibe anandiitanapo. Mayi ake anatidulira keke ya maapozi, ndipo ndinaseka mpaka kutsamwa.

Koma Aphungu, ndinaona cholakwika. M'banja limeneli mwana wamwamuna aliyense ankamutcha Dietrich n'kumupatsa nambala, ndipo zaka zana zikatha ankayambiranso kuwerenga. Ndiye a Dietrich Wachitatu alipo awiri. Jorinde wawaphatikiza kukhala munthu mmodzi. Dietrich wakeyo wakhala ndi moyo zaka 131, ndipo wakwatira mdzukulu wake yemwe.

Lachisanu akaonetsa ntchitoyi pamaso pa kalasi yonse ndi a Oelschläger, aphunzitsi a mbiri yakale, omwe kanthu sikawadutsa. Chaka chatha ndinakonza mnyamata wina m'kalasi atalakwitsa chaka cha nkhondo inayake, mpaka lero sandipatsa moni. Ndikanena, nditaya mnzanga mmodzi yekhayu. Ndikakhala chete, amuseka. Zolakwika zonse zilipo 17, ndazilemba m'kope. Nditani?

T.W., Saalfeld

Mwanangu T.W.,

Choyamba, kopelo liponye pansi pa bedi. Zolakwika 17! Ukufuna mnzako kapena ukufuna kumuzenga mlandu? Zinazo zisiye, eni akewo anagona kalekale, sadandaula. Koma za gogo wokwatira mdzukuluyu umuuze Lachitatu lisanadutse, kuti apeze nthawi yokonza. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, ngakhale Jorinde ndevu alibe.

Usamulembere uthenga pafoni, mawu a pafoni amauma. Iye anakuitana kwawo, nawenso muitane kwanu, ndikunena kutchalitchi kuja. Tenga buledi wa anthu awiri. Muimike pakati pa miyala ya a Dietrich awiriwo, awerenge yekha zaka, iwe pakamwa pako pakhale podzaza ndi buledi. Akazindikira, seka naye, chifukwa nkhalamba ya zaka 131 yoimirira paukwati ndi yoseketsa ndithu. Akanyansidwa pang'ono, usathawe. Miyezi inayi si masewera. Kenako mufunse ngati akufuna thandizo, mukhale pakompyuta mumung'ambe pakati Dietrich ameneyu.

Mnyamata wa chaka chatha uja sanakwiye chifukwa unanena zoona. Anakwiya chifukwa unazinena anthu makumi atatu akumvera.

Ndiye chenjera Lachisanu. Jorinde akaphonya kena kake ali kutsogolo, dzanja lako likhale m'thumba, ngakhale liyabwe bwanji. A Dietrich anali ambiri moti ankachita kuwapatsa manambala. Amene wakuitana kwawo ndi mmodzi.

Aphungu