Wodikira pa Paini Wopindika

McCall, Idaho
Lachitatu, 17 Januwale

Okondedwa achemwali anga a Maxine,

Ndikhulupirira muli bwino ku Tucson ndi dzuwa lanulo. Kuno sinowo wagwa wambiri sabata ino, moti alamu anu a Wendell akuchita kuikumba galimoto m'mawa uliwonse. Ndasankha kalata m'malo mwa foni chifukwa ndimakudziwani, mukanandidula mawu ndisanafike pakati. Nkhani yake ndi ya nyumba. Lolemba lapitali timayenera kusaina mapepala ogulitsa nyumba yathu ino kuti tidzakhale m'nyumba munatipezera ija, yoyandikana ndi yanu. Sitinasaine. Khalani pansi ndikufotokozereni, mundikalipire ndikamaliza.

Mukudziwa kuti chifukwa chosamukira ndinali ine. A Wendell akhala akuuza aliyense, kutchalitchi ndi kusitolo komwe, kuti Noreen watopa nalo phiri, amangotsetsereka ndi mantha, ndi bwino akapume kotentha. Ine ndinkavomera chifukwa ndinkaona kuti ndi zoona. Chikwatiwire, matabwa anga otsetserekera pa sinowo amasankha ndi iwo, ndipo nthawi zonse amakhala aafupi, opepuka, ofika paphewa. Ndikangowonjezera liwiro amayamba kunjenjemera kumapaziku ngati chivindikiro cha poto wowira, mtima wanga n'kuyamba kuthamanga. Ndiye ndinazolowera kutsika mokhotakhota, pang'onopang'ono, iwo n'kumatsogola kukandidikira pa paini wopindika uja wa pakati pa njira ya pansi pa chingwe chonyamula mipando yokwerera phiri. Mukupakumbukira, ndi pomwe malemu amuna anu a Lyle anathyolera ndodo yawo ulendo womaliza munabwera.

Loweruka kuphiri kunali tsiku loyesa matabwa atsopano. Ine ndinalibe nazo ntchito, anga akale ofiirira ndinali nditawalonjeza kale ku malonda a zinthu zakale a kutchalitchi, koma alamu anu anati tipite tikatsanzikane ndi phiri. Inu munachoka zimenezi zisanatchuke. Ogulitsa amamanga matenti m'munsi, ukafika umasiya laisensi yako ya galimoto, amakufunsa kutalika, kulemera, zaka, ndi mmene umatsikira, kuti amange bwino zitsulo zogwira nsapato. Akatero amakupatsa matabwa uyese kwa ola limodzi, ukabweza n'kutenga ena.

Patenti yoyamba panali bambo wandevu amene anafunsa mafunso onsewo akuyang'ana a Wendell, ine ndili pompo ngati chikwama chimene abwera nacho. A Wendell anayankha zonse osaphonya, kupatula kulemera kwanga, kumene anachotsako pang'ono mwaulemu. Kenako anati, "Mayiwa ndi a pang'onopang'ono, apatseni ofewa." Bambo uja anapita kumapeto kwa mzere wa matabwa n'kubwera ndi matabwa aafupi a maluwa. Tenti iliyonse imakhala nawo oterowo, ndipo mayi wa imvi akangoima osayankhula, amenewo ndiwo amabwera. Tinakwera, ndinatsika, ananjenjemera ngati anga akale omwe. Ndinauza a Wendell kuti basi ndaona, ndikabweze. Iwo anati mzere wa patenti watalika, atsogole, ndikatenge anga m'galimoto ndikawapeze pa paini.

Nditabweza a maluwa aja, mayi wa patenti yoyandikana anandikodola. Dzina lake Darcy, wamfupi, wonenepa bwino, nkhope yopsa ndi dzuwa kupatula mozungulira maso. Anafunsa ngati ndawakonda, ndinati ayi koma vuto ndine, ndine wamantha. Anandifunsa kuti ndimaopa chiyani kwenikweni. Achemwali, palibe anandifunsapo zimenezi chiyambire. Ndinamufotokozera za kunjenjemera kuja, iye anangoti, "Ndiye amene akunjenjemerayo ndinu kapena matabwawo?"

Kenako anandifunsa kulemera kwanga, mokweza, pamzere pali anthu. Nditayamba kutchula nambala ya a Wendell ija anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kunsapato n'kunena kuti, "Mayi, namizani adokotala anu, ine ayi. Bondo limene lithyoke ndi lanu." Ndinanena yoona, ndipo dziko silinagwe. Za mmene ndimatsikira anati zimenezo ndiyankhe ndekha, lamulo lake silimulola kundisankhira, koma ndinene mmene miyendo yanga imafunira, osati mmene anthu amanenera. Ndinati ndine wapakati, osati katswiri koma osatinso wongoyamba kumene.

Anatulutsa matabwa otuwa, opanda duwa ngakhale limodzi, ofika pachipumi, olemera moti ndinawanyamula ndi manja awiri. Anati ndikawayese panjira yomweyo ndinayesera enawo, apo ayi sindidziwa kusiyana kwake, ndipo ndisakawanyengerere, ndikawaponde. Anati ndikawada ndibwere anditengere ena, palibe ati andikakamize kugula. Safunsa anadya phula, achemwali, ndipo ine ndalidya nthawi yaitali.

Kukhota koyamba ndinatsala pang'ono kugwa. Ndinawakhotetsa mwaulemu monga mwa masiku onse, iwo anakana, anangopitirira. Ndinapsa mtima, ndinatsamira kutsogolo n'kuwaponda monga ananenera, ndipo anagwira. Ndinadikira kunjenjemera kuja, sikunabwere. Ndinawonjezera liwiro, sikunabwere. Paini ndinamuona bwinobwino, a Wendell ndinawaona ataima pamalo pawo, maso kumtunda, ndipo ndinkafuna kuima, kapena ndinene kuti ndinaganiza zoima. Ndinawadutsa pafupi kwambiri moti ndikanatha kuwakhudza ndi ndodo. Ndinakaima m'munsi ndikuseka ndekha ngati wozungulira mutu, misozi itaundana m'magalasi. Ndinasangalala kwambiri, ndipo ndikuuzeni zoona, m'mawa wonsewo za Tucson sizinandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi. Zimenezi zikundichititsa manyazi polemba pano.

Ndinadikira pang'ono, sanatsike, ndiye ndinakweranso. Mukudziwa kuti mipando imadutsa pamwamba penipeni pa paini uja. Ndili m'mwambamo ndinawaona akadali pomwepo, koma sanaime monga amaimira ine ndikamafika, chifuwa patsogolo, dzanja m'chiuno. Anali atawerama, atatsamira mtengo, mwendo wamanzere ataukweza kuti usaponde, akusisita bondo ndi manja onse awiri. Kenako anawongoka mofulumira chifukwa kunkabwera mmodzi wa ovala zofiira aja, opulumutsa anthu, ndipo ndinawaona akumulozera kumtunda. Ankandifunafuna.

Nditatsika ndinaima pafupi nawo, sinowo n'kuwawaza mpaka m'mawondo, zimene sindinachitepo moyo wanga wonse. Anayang'ana jekete, anayang'ana matabwa, anandiyang'ana ine. Wovala zofiira uja anafunsa ngati mayi otayikawo ndi amenewa, n'kuchoka akumwetulira.

"Unali kuti iwe? Ndimayesa wagwera m'mitengo."

"Ndakudutsani kale. Ulendo uno ndi wachiwiri."

A Wendell anati anaonadi mayi wina wa jekete ngati yanga akudutsa ngati mphepo, ndipo mumtima anati, amene uja ndiye akudziwa. Sanaganize n'komwe. Ine ndinaseka, iwo ayi. Ndinawafunsa kuti bondo layamba liti. Anati bondo liti. Ndinawalozera mipando pamwamba pathu, iwo anayang'ana, n'kumvetsa.

Zonse anazinena tili pampando, maso ali kutsogolo, monga amachitira akamayendetsa galimoto. Bondo lakhala likuwavuta nyengo zingapo zachisanu. Dokotala anawauza kalekale kuti lifunika opaleshoni, iwo n'kumazengereza, chifukwa bambo awo analowa m'chipatala ndi mwendo osatulukanso. Njira yonse sangaitsike osapuma. Anati, "Pa mtengo paja masiku ano sindiimira iwe, Noreen. Ndimathokoza ukachedwa." Kusamukako anaona kuti n'kosavuta kunena kuti mkazi wanga watopa kusiyana n'kunena kuti Wendell watha. Anati sanandinamize, ankakhulupiriradi kuti phiri ndimadana nalo, ndipo matabwa aafupi aja ankagula pofuna kunditeteza. Zimenezo ndikuzikhulupirira. Ndinawakwiyirabe mpaka kunyumba, ndipo ndinawamveranso chisoni, zonse nthawi imodzi.

Matabwa ndinabweza mochedwa, ola litapitirira, pamzere pali amayi awiri akuwadikira. Darcy anandiopseza kuti laisensi yanga aikhoma patenti ngati chikumbutso. Sindinagule, ndikudikira mitengo itsike mu Malichi monga amachitira aliyense wanzeru kuno, koma ndabwereka ofanana nawo kusitolo ya m'tauni.

Lamlungu tinakambirana titachoka kutchalitchi. Ndinawauza kuti ngati tikusamuka chifukwa cha bondo, anene choncho, kwa ine, kwa inu, ndi kwa anthu onse amene anawauza kuti ndine wamantha, ndipo ndipakira katundu osadandaula. Koma ngati tikusamuka chifukwa cha ine, sindikupita. Anazungulira nyumba yonse, anakonza chitseko cha garaja chimene sichinawonongeke, kenako anabwera n'kunena kuti nawonso sakufuna kuchoka, kutentha kumawadwalitsa mutu. Lolemba ine ndinaimbira wogulitsa nyumba, iwo anaimbira dokotala. Opaleshoni ili mu Epulo, sinowo akasungunuka. Akuopa kwambiri, musawaseke mukamayankhula nawo.

Tsopano ndafika povuta. Ndikudziwa kuti munagula kale makatani a chipinda chathu, ndipo munauza mmisiri kuti adule mpanda aike kageti pakati pa nyumba ziwirizo kuti tizimwa khofi osavala nsapato. Ndikudziwa mmene nyumba yanu yakhalira zii chimwalirire a Lyle, ngakhale pafoni mumangokamba za maluwa anu aminga aja. Munandilera inu mayi atamwalira, simunandipemphepo kanthu kupatula ichi, ndipo ine ndachikana chifukwa cha matabwa otuwa. Sindikupeza mawu okometsera. Ndakulakwirani, ndipo ndikanakhala ndi mwayi wosankhanso ndikanasankha chimodzimodzi. Uzani eni nyumba aja asatidikire. Makataniwo musabweze kusitolo, mubwere nawo, chipinda cha alendo kuno chilibe.

Tsiku lina loyesa matabwa liliko kumapeto kwa Febuluwale, ndipo limenelo ndi la amayi okhaokha. Bwerani. Nsapato zanu zakale zili m'chipinda chapansi, ndaziyang'ana, mbewa sizinalowemo. Musandiuze za zaka zanu, ndinaona amayi okuposani pamzere paja. Mukafika patenti muyankhe nokha, munene kulemera kwanu koona, ndipo akakupatsani a maluwa musanafunsidwe kanthu, mufunse kuti kumbuyo kwa tentiko kuli ena otani. Ndakhala ndikudzifunsa kuti anu ankasankha ndani.

Moni kwa anzanu a kwaya, ndi kwa galu wanu wamwano uja. Alamu anu akupereka moni, akuti akuimbirani okha, ndipo ndawauza kuti ndidzaima pafupi kuti ndimve zimene adzanene. Dzulo tinapitanso kuphiri. Ine ndinatsogola n'kukaima pa paini, maso kumtunda. Anafika mochedwa, akupuma movutikira, n'kunena kuti anaima kuti amange nsapato. Ndinati chabwino, nanenso ndangofika kumene. Mukabwera tidzakudikirani pamenepo tonse awiri, muchedwe mmene mungafunire.

Ndine mng'ono wanu wosamva,
Noreen