Koleji ya Esteri aiika kumchira

Aphungu,

Ndivomere kuti sabata yonseyi sindikupeza tulo, ndipo ngakhale pemphero likundikanika chifukwa cha mkwiyo.

Mwana wanga Esteri ali m'chaka chomaliza pa koleji yaing'ono ya mpingo wathu, yophunzitsa ulimi ndi ziweto. Njerwa za hositelo yake tinasenza pamutu ndife amayi a mumpingo. Fizi amalipira ndi achimwene anga, a Wilson, omwe ndiwo mwini mbumba kwathu.

Ndiye kwatuluka mndandanda wa makoleji abwino, wazungulira m'mafoni monse. Yathu aiika kumchira. Pamwamba pali ina ya ku Blantyre, ya anthu a ndalama zawo. Esteri wandiwerengera zomwe anayang'ana: mabasi a koleji, makompyuta, kukula kwa laibulale, aphunzitsi omwe anatumizidwa kukaphunzira kunja. Aphungu, zonsezi si za m'thumba kodi? Nanga wosauka apikisana nawo bwanji? Palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzaona ngati ana athu amatha kupereka katemera wa chitopa kwa nkhuku.

A Wilson anandipeza pamsika wa Nkando ndikugulitsa nandolo. Anati, "Achemwali, ine sindingamalipirire sukulu ya nambala lasiti. Mwanayo asamukire ku Blantyre, akayambirenso chaka choyamba." Ine pakamwa panandithawa. Ndinati, "Kodi achimwene, mayeso imalemba ndi basi?" Anthu anaseka. Mulungu andikhululukire, chiyambire tsikulo sitikulankhulana, ndipo mwana akungolira. Sukulu yatsala pang'ono kutsegulira. Chonde ndiyankheni sabata ino isanathe.

F.M., Nkando, Mulanje

Mayi F.M.,

Mkwiyo wanu ndi womveka. Mindandanda yambiri yotere imayeza thumba la koleji. Ikatuluka, makolo olemera amathamangira yapamwambayo, nayo n'kulemereratu, chaka chamawa n'kukhalanso pamwamba. Koma pamsika paja munalakwitsa: mwini mbumba sasekedwa pagulu. A Wilson akuopa kuti mwana wa mlongo wawo adzasowa ntchito, ndipo mantha otero ndi chikondi ndithu.

Pitani ndi Esteri kwa mkulu wa kolejiyo. Mukafunse ngati satifiketi yawo ndi yovomerezeka ndi boma, komanso komwe ophunzira omwe anamaliza chaka chatha ali lero. Mukatenge manambala a ena mwa iwo kuti a Wilson awaimbire okha. Munthu wokayika sakhutira ndi zomva kwa mlongo wake. Mukatero pitani kunyumba kwa a Wilson, muyambe ndi kupepesa, kenako mukhale chete Esteri alankhule. Nonse awiri mwakangana za tsogolo lake, koma m'kalatamu sindinaone pomwe wina anamufunsa.

Chenjezo langa ndi ili: umphawi si umboni wa maphunziro abwino. Njerwa munasenzadi, koma mukakapeza kuti pepala lawo boma sililidziwa, musamusiye mwana kumeneko pofuna kuteteza thukuta lanu. Wodzafunsira ntchito ndi Esteri, si hositelo.

Aphungu