M'bokosi la Aloysius

Lolemba, 12 Ogasiti 1996

Lero mbiri ya Chongwe yasintha, ndipo woisintha ndi ine Maybin, dokotala wa njinga zonse kuyambira Palabana mpaka Kanakantapa. Masana ntchito inachepa, ndiye ndinangotsamira pabenchi kuseri kwa shedi yanga. Podzidzimuka, anthu a ku Lusaka andiimirira, wina atasenza chikamera chachikulu ngati mwana wa ng'ombe. Mkulu wawo, ba Jethro, wandevu ndi kachipewa, akuti: "Uyu ndiye Aloysius wathu. Onani, ntchentche yatera pamphuno koma sagwedezeka."

Akuti akupanga sewero la pa TV kuchokera m'buku lina, nkhani ya anthu ogwira ntchito pachigayo m'katauni kakang'ono ngati kathu kano. Adzajambula Loweruka. Ndinafunsa mawu amene ndidzanene. Akuti musavutike, nkhope yanu ikwanira. Ine ndinadziwa kale. Nkhope iyi amayi anaivutikira.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Msika wonse wamva. Ena ndawauza kawiri kuti zikhazikike. Wogulitsa makala akuti, "Ba Maybin, mukatchuka musatiiwale." Ndamuuza kuti ndiganizira.

Kunyumba mkazi wanga Judith, amake Mapalo, wangoseka. "Imwe pa TV? Kapena afuna kuonetsa dziko kuipa kwa ulesi." Nsanje basi.

Koma chikundizunguza mutu ndi ichi: buku lingalowe bwanji mu TV? M'buku munthu amaganiza chamumtima. Nanga kamera ijambula bwanji za mumtima? Mawa ndifunsa ba Stephen, aja ophunzitsa ku koleji ya Chalimbana. Njinga yawo ili pano, ikudikira tcheni.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Ba Stephen bukulo analiwerenga. Ndinafunsa kuti Aloysius ndi ndani. Akuti ndiye mwini nkhani, dzina lake limatuluka pafupifupi tsamba lililonse. Ndinatsala pang'ono kuwapsompsona padazi. Kenaka anavula magalasi, n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Koma Maybin, Aloysius amamwalira patsamba loyamba. Lamba wa chigayo anamukoka. Buku lonse ndi la mkazi wake ndi ana, mmene anavutikira atawatulutsa m'nyumba ya kampani."

Ndiye kuti Loweruka ndi maliro. Mtembo ndi ine.

Ndaganiza njira yonse yobwerera kunyumba, ndipo sindikuonapo vuto. Pamaliro anthu amabwera kudzaona ndani? Wansembe? Iyayi.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Ndamuuza Judith. Anali kudula repu pakhonde. Anaika mpeni pansi.

"M'bokosi lenileni?"

Ine ndinati lenileni, la kalipentala wa pafupi ndi siteshoni, lopaka vanishi, zogwirira zonyezimira, loti ngakhale nduna ingasirire.

Sanaseke. "Atate ake Mapalo, zaka zino taika anthu angati? Pamanda pa alongo anga dothi likalibe kuuma. Imfa saiitana. Mukalowa m'bokosi muja, ine na Mapalo tiyenda kwa amayi ku Kanakantapa. Siningagone nyumba imodzi na munthu wochoka m'bokosi."

Ndinayesa kanthabwala, kuti pobwera ndidzamutengera nkhani za kumwamba. Anatola mbale yake n'kulowa m'nyumba. Repu yabwera yopanda tomato.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Tsiku loyeserera. Nyumba ya maliro ndi ya ba Cecilia, mkulu wa azimayi a kwaya ku mishoni. Atulutsa mipando panja, akhoma tenti, akoleza chipika cha moto, zonse ngati zenizeni.

Anthu a TV ndi odabwitsa. Amayatsa magetsi masana dzuwa lili phwee. Munthu akalowa pakhomo bwinobwino amamubweza kuti alowenso. Amene akusewera mkazi wa Aloysius ndi mtsikana wa ku Lusaka, Febby. Akamuuza lira, amalira mpaka kugubuduka. Akamuuza leka, amadzuka n'kupempha chingamu. Ndinamufunsa kuti misozi amaitenga kuti. Akuti amakumbukira galu wake amene anagundidwa ndi galimoto. Galu! Ine Aloysius wathunthu kundilira ndi misozi ya galu!

Bokosi ndangoliyang'ana, sindinalowe. Ndi lalifupi pang'ono. Ba Jethro akuti ndidzapinde mawondo, kumiyendo kamera sifika.

Azibambo awiri a ku Palabana, zigubu za mkaka kumbuyo, ataona tenti anatsika panjinga, kuvula zipewa, kukhala pansi mwaulemu. Patapita kanthawi mmodzi ananong'ona kuti kodi watisiya ndani. Ba Cecilia analoza ine, ndili kutafuna chinangwa chootcha. Mmene anathawira, mkaka uja wafika uli chambiko.

Kunyumba chikwama cha Judith chili pafupi ndi chitseko, chomangamanga. Ine ndikuti akungondiopseza. Ndipo pali chimene ndikufuna kumva ndi makutu anga: kodi anthu amanena chiyani munthu akagona m'bokosi? Palibe anamvapo n'kubwera kudzatiuza. Ndidzakhala woyamba m'Zambia yonse.

Loweruka, 17 Ogasiti

Lero sindilemba. Dzanja likukana.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Dzulo ndinachoka m'mawa, Judith akumuveka Mapalo nsapato. Nditatsazika anangopitiriza kumanga zingwe.

Kwa ba Cecilia anandipaka paudala kumaso, thonje m'mphuno, suti yakuda ya munthu wina. M'bokosi mumanunkha vanishi, ndipo kumsana kumazizira ngakhale kunja kukutentha. Ba Jethro akuti kamera ikafika osapuma. Azimayi a kwaya anayamba nyimbo ija timaimba potulutsa maliro m'nyumba. Ndili chitsinzinire, ndinkamva mapazi a anthu akudutsa pamzere woona nkhope. Ndinatchera khutu kuti ndimve zonditamanda. Wogulitsa makala anawerama n'kunong'ona: "Lero ndiye wakhala chete." Wina kumbuyo kwake anadzigwira pakamwa. Basi, ndi zokhazo. Zaka zonsezi ndikuwapopera matayala!

Anabwereza, kubwerezanso. Mawondo anayamba kuwawa. Ndipo nyimbo ija ikabwerezedwa kwambiri imaleka kukhala ya sewero. Azimayi ena pakona anali kulira zenizeni, aliyense wake.

Zimene zinachitika panja anandiuza pambuyo pake ndi ba Cecilia. Judith ankapita kukakwera minibasi, chikwama pamutu, Mapalo padzanja. Njira ya ku siteshoni imadutsa pakhomo pomwepo. Nanga munthu wa kwaya ngati iye angapitirire anzake akuimba nyimbo ya maliro, ngati sakumva? Anatula chikwama, kusiya mwana m'manja mwa ba Cecilia, n'kulowa pamzere.

Ine ndinangomva mapazi aima. Kenaka mawu, osati a Febby.

"Maybin! Maybin iwe, uka!"

Chibadwire Mapalo, mkazi uyu sananditchulepo dzina, ngakhale pokangana. Anagwira kolala ya suti ija n'kuyamba kundigwedeza, misozi yotentha ikugwera kumaso kwanga. "Unisiyira ndani mwana? Uka, chonde, napapata!"

Ndinatsegula maso.

Ba Jethro anakuwa kuti onse aime. Ndinkayesa akwiya, koma anabwera chothamanga, kachipewa m'manja. "Amayi, uku ndiye kulira kumene tifuna! Tibwereze chimodzimodzi, koma munene kuti Aloysius. Ba Maybin, tsekani maso."

Judith sanawayang'ane n'komwe. Ankayang'ana ine, manja akadali pakolala.

Ndinakhala tsonga, kutulutsa thonje m'mphuno, kuliika m'dzanja la ba Jethro. Ndinati, "Bwana, mtembo sukumva bwino, uyenda kunyumba." Anthu anaseka, ena akupukuta maso ndi zitenje. Ba Jethro ananditsatira mpaka panja, akuti ganizani bwino, Zambia yonse idzakuonani, mpaka ku Chipata. Ndinavula jekete n'kuwapatsa. Pochoka ndinaona akuika njerwa m'bokosi, n'kukhoma chivundikiro. Ndiye amene adzaonere seweroli adziwe kuti akulira njerwa. Komabe zinafunika zambiri kuti zilemere ngati ine.

Tinauyamba ulendo wobwerera kunyumba. Chikwama ndinanyamula ine, Mapalo paphewa, akundikanda patsaya kuti aone ngati kuyerako kuchoka. Titafika pakhomo Judith anandiimitsa ndi dzanja. Analowa yekha, n'kutuluka ndi beseni ndi sopo.

"Sambani poyamba, atate ake Mapalo. Kumaso konse, na m'makutu."

Madzi anayera ndi paudala. Anakataya kuseri kwa nyumba, n'kuthira ena. Nditamaliza anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenaka anakankha chitseko n'kuima pambali kuti ndilowe.