Masamba pa Msewu wa ku Kabwata

Mande, 8 Ogasiti 1983

Ndanama lelo. Ba Chomba, mkulu wathu ku ofesi ya ku Longacres, anandiitana. Ba Abednego apuma ntchito, pafunika mesenjala wina. "Gilson, njinga uchova?" Ine: "Kwambili, bwana." Pakamwa panga apa! Zaka 43, chibadwile sindinakwelepo njinga. Koma zaka 14 za tsache ndi kutsuka makapu a tiyi zandikwana. Mesenjala ali ndi yunifomu ya kaki ndi penshoni. Ana anayi pakhomo.

Njinga yakuda, yolemela ngati ng'ombe, nambala ya boma pachitsulo. Ndaikankha mpaka kwathu ku Kabwata. Aliyense wofunsa ndamuuza kuti tayala laphwa.

Lachiwili, 9 Ogasiti

Mbandakucha pa bwalo la mpila kuseli kwa msika, anthu asanadzuke. Emmy mkazi wanga agwila chishalo kumbuyo. Kwao ku Katete anayamba kuchova ali kamtsikana, thumba la chimanga pakaliyala. Ine mwana wa m'tauni, ndidziwa basi chabe.

Kugwa kasanu ndi kawili. Pedulo yandisenda msongolo, magazi m'sokisi. Ndaimenya theche njingayo, chala changa chomwe chatupa. Galu wa chitsulo!

Makalata: awili ku Woodlands, imodzi ku Kabulonga. Zonse wapansi, kukankha. Pa geti la ofesi ndimawelama ngati ndikonza tcheni mpaka mlonda ayang'ane kumbali. Lelo wandiseka: "Bwanji ba mesenjala, tcheni futi?" Ndinafuna kumuthila chibakela.

Lachinayi, 11 Ogasiti

Ndamenya Emmy.

Anataya chishalo osandiuza. Ine thii! m'ngalande, iye kuseka mpaka kugwila m'mimba. Mbama imodzi, mlomo wang'ambika. Sanalile. "Mudziphunzitse mwekha, atate a Barbara." Wamanga chitenje, wapita kukayala tomato wake kumsika. Zaka 16 za ukwati sindinamukwezelepo dzanja. Manyazi andidya. Koma anasekelanji?

Ndabwelako ku Kabulonga dzuwa litapendeka. Ba Chomba maso pa wotchi. "Abednego anali nkhalamba, koma anali kubwelako tiyi asanazizile. Mande uchove pano pabwalo ndione ndi maso anga. Ukalephela, ngakhale tsache sudzalipeza, wina walitenga kale."

Lachisanu, 12 Ogasiti

Ndekha. Mapazi onse pamapedulo, kuwelenga mpaka teni, pansi. Kudzuka. Mpaka twente, pansi. Kuima sindidziwa, ndimangodzigwetsa kumanzele. Chigongono chilibe khungu. Emmy aika mbale patebulo osandiyang'ana.

Mawa ndiyesa pamsewu weniweni. Mande ndi dzanja lalemba.

Lachitatu, 17 Ogasiti

Ndilemba ndi dzanja lamanzele. Lamanja lili m'chikhakha, zala zitatu zinathyoka. Kupuma kuwawa.

Pa Chiwelu. Ndinachoka pabwalo dzuwa litakwela, kulowa kamsewu kotsetseleka kuseli kwa tchalitchi. Njinga inagwila. Inayenda! Teni, twente, fifite, ndinaleka kuwelenga. Kukhota pakona, masamba pamsewu. Malilo.

Ngakhale mwana wa sukulu adziwa: ukaona masamba utsika, uvula chipewa, ukankha njinga mwakachetechete mpaka upitilile nyumba. Inenso ndidziwa. Ndapingasapo masamba otelewo pa malilo a atate anga. Koma kutsika bwanji? Mabuleki ndinali ndisanawagwilepo n'kamodzi komwe, pabwalo ndinali kungogwa. Manja anauma pamahandulo.

Omwalila anali amayi ake a Oswell, uja awotchelela mbaula kumsika. Bokosi linali kutuluka m'nyumba kupita ku lole, azimayi a chigwilizano atayamba nyimbo. Ndinakuwa, "Chokani! Chokani!" Pa malilo, ine munthu wamkulu! Ndinagunda wonyamula wa kutsogolo m'mawondo. Bokosi pansi. Linang'aluka pakona, nsalu yoyela inaoneka.

Nyimbo inaduka. Kenaka njelwa yoyamba pamsana.

Sindidziwa anali angati. Zibakela, nsapato, nkhuni za pamoto zili ndi makala. Oswell anandipondeleza dzanja ndi jombo yake ya ntchito, kupotokola ngati azima fodya. Ndinamva zala zili thyo, thyo. Dzino limodzi ndinalavula, lina ndinameza. Mayi wina wokalamba, amene timakhala benchi imodzi pa Sondo, anandimenya ndi mthiko kumaso akulila. Ena anali pa njinga ndi piki yokumbila manda. Wina anakuwa, "Bweletsani palafini!" Pamenepo ndinadzikodzela.

Emmy. Sindidziwa anamuuza ndani. Anabwela chothamanga, chitenje m'manja, nagona pamwamba panga. Nkhuni ziwili zinatela pa iye. "Sadziwa kuchova! Mwamuna wanga sadziwa kuchova, ali kuphunzila chabe! Muphe tonse!" Kabwata yense anamva. Acheyamani a sekishoni yathu ndiwo anaimika anthu, ati chipani sichifuna malilo awili nyumba imodzi. Ananditengela kuchipatala pa wilibala.

Mande inandipeza pabedi, ndikulavula magazi m'beseni.

Lachisanu, 19 Ogasiti

Ba Chomba abwela kunyumba m'mawa. Acheyamani anatumiza zidutswa za njinga ku ofesi pamodzi ndi kalata, chifukwa cha nambala ya boma ija. Ba Chomba sanakhale pampando. Andiyang'ana nthawi yaitali, nkhope yanga ili ngati dzungu.

"Sabata yonse ija makalata unapeleka bwanji?"

"Wapansi, bwana."

"Ku Kabulonga? Ndi chinjinga chija?" Anapukusa mutu. "Ukanangonena, Gilson."

Atenga yunifomu pamsomali. Ndinali nditaivala masiku asanu. Ntchito yatha, ya tsache yomwe. Ana anali pakhomo, aona zonse. Ndili ndi mantha, sindidziwa tidzadya chiyani mwezi wa mawa.

Masana Emmy anali kunditsuka bala la m'mutu ndi madzi a mchele. Msana wake wakuda bii, satha kuwelama bwino. Mlomo uja sunapole. Ati palibe agula tomato wake, azimayi amulambalala. "Akuti munalowa pa malilo mukuseka. Ndakangana ndi msika wonse, ndawauza kuti ni bodza. Ni bodza, eti?"

Ndinatseka maso ngati mchele wandiluma.

Si bodza. Pokhota pakona paja ndinali kuseka, kukamwa yasa, mphepo m'malaya, njinga itandimvela koyamba. Chibadwile sindinakondwepo chotelo. Anandiona bwino anthu aja. Emmy akali kudikila yankho, nsanza ili m'manja.