Mbale ya Mai Concetta

Lachiwiri, 4 Novembala

Ndaperekeza mwana wanga Vainess ku North York, kuno kumaiko akunja, kwa gogo wa Chitaliyana amene amawasamalira. Mai Concetta. Amaiwalaiwala, koma mtima wabwino. Vainess ali kochapa, gogowo andiikira mabisiketi pa mbale, akulunga ndi nsalu, alowetsa okha m'chikwama changa. Chizungu sindimva. Ndangowomba m'manja.

Lachitatu, 5 Novembala

Koma mbale ija. Ndaumba miphika zaka makumi anayi ku Ntcheu, zotere sindinazionepo. Dothi ndithu, ndagogoda, ikulira bwino. Pakati pake mtsikana akuthawa mwamuna, zala za mtsikanayo zayamba kuphuka masamba, mapazi akusanduka mizu. Chikasu chake ngati cha dzira la nkhuku yakumudzi. Utoto unalowa m'moto n'kutuluka wamoyo. Anaiwotcha bwanji munthuyo?

Ndaibisa pansi pa zovala, adzukulu angaswe. Kuibweza yopanda kanthu sindingathe, amayi anga sanandilere choncho. Ndagula nthochi zoti ndikazinge zitumbuwa, koma zakuno amagulitsa zosapsa. Ndidikira.

Loweruka, 8 Novembala

Vainess sakudya. Akuti kuntchito kwasowa chinthu cha m'kabati, cha zaka mazana anayi. Sandra, mwana wa gogo aja, wamuuza asapondekonso mpaka chipezeke. Kaya ndi golide. Ndamupempherera. Nthochi zayamba mawanga.

Lolemba, 10 Novembala

Vainess wandionetsa chithunzi cha chosowacho pa foni. Mtsikana wamasamba uja. Ndakaitulutsa mbale ija pansi pa zovala.

"Amayi, masiku onsewa?"

Ndati ndimadikira nthochi. Amafuna ainyamule pompo. Ndakana. Ndikazinge kaye.

Lachiwiri, 11 Novembala

Pa basi mbale ija, yodzaza zitumbuwa, ndinaifukata ngati khanda. Sandra ataona mafuta pa mbale anagwira khoma. Ndinafotokoza pang'onopang'ono, Vainess akumasulira, za nthochi zomwe.

Kenaka Mai Concetta anatola chitumbuwa. Akuti agogo awo ankaikaponso chakudya pa tsiku lachikondwerero, ndipo chiitsekereni m'kabati mbaleyo yakhala ndi njala. Sandra anaseka mpaka misozi, n'kudya ziwiri. Vainess ayambiranso ntchito mawa.

Mtsikana uja ndinatsanzikana naye ndi chala, pamasamba pake.

Tafika kunyumba. Chikwama changa chikulemera, muli china chokulunga m'nsalu. Vainess ali kubafa. Sindinatsegule, koma ndagogoda pang'ono. Chikulira bwino.