Febby Wasiya Kulowa M'shopu Mwathu

Aphungu,

Akuti wolekera Fomu 1 sangachite kafukufuku? Abwere adzaone kope langa! Ine ndimagulitsa mu hadiweya ya a Fahadi pa Uliwa, ndipo pansi pake anaikapo matailosi. Munthu akamandilankhula, ndimawerenga matailosi amene ali pakati pa mapazi ake ndi anga. Akangotuluka ndimalemba dzina, tsiku ndi nambala. Mizere yake ndinajambula ndi rula, si zachibwana ayi.

Mlendo amaima pa anayi. Mnzanga, awiri. Wamiseche, limodzi, khosi atapinda. Asilikali a ku Chilumba alibe nambala, amangokuponda chala. Amene amandizunguza mutu ndi mayi Husna, akazi a abwana. Iwo ndi sikisi tsiku lililonse, chonsecho ndi omwewo amene amandisungira tiyi.

Ndiye pali Febby, wogulitsa nthochi panja, amene amadzatchaja foni m'shopumu. Mu Juni anali pa asanu. Julayi, atatu. Ogasiti, limodzi ndi theka! Ndinamuonetsa tsamba lake anzake ali pomwepo, n'kumuuza kuti, “Chemwali, masamu sanama. Pofika Disembala tili pa ziro, kauzeni amalume akonzeke.”

Sanaseke. Anati, “Iwe Lyson, ine ndimaima malo amodzimodzi, pa soketi. Amasendera ndiwe. Kumbuyo kwanga kuli matumba a simenti, umafuna ndilowe m'thumba?”

Chiyambire tsikulo amaima pakhomo, matailosi naini, n'kumandipatsira foni ngati akudyetsa galu woluma. Apa sindikuseka, aphungu, mtsikanayu ndimamufuna. Kodi nambala yoyenera ndi iti? Kope ndalibwereza lonse, kuwerenga ndinawerenga bwino. Ndinalakwa pamodzi pokha: ndinalibe mzere wolembapo kuti wasuntha ndani.

L.M., Uliwa

L.M.,

Kope lakolo ndikanakonda kuliona, chifukwa maso uli nawo. Koma nambala yoyenera kulibe. Mayi Husna anakuphunzitsa kale iwe osamva: kuima patali ndi mwamuna amene si m'bale wawo ndi ulemu, si chidani. Tailosi silidziwa ngati munthu wayandikira chifukwa cha chikondi, chifukwa cha phokoso la malole a mumsewu, kapena chifukwa wasowa kothawira.

Ndipo sunalakwe pamodzi, mwanawe. Unamupanikiza, kenako unamuchititsa manyazi pagulu. Taganiza, munthu kumva kuti mapazi ake akhala akulembedwa miyezi itatu iye osadziwa. Zimenezo zimaopsa.

Ng'amba tsamba lake umupatse, achite nalo zimene akufuna. Upepese uli pamene waimapo, iye ali pakhomo pomwepo, popanda nthabwala, popandanso anzake oonerera. Simentiyo uichotse pa soketi. Mayina a anthu ena onse ufufute. Ngati kafukufukuyu ukumufunabe, lemba “kasitomala” basi, ndipo uwonjezere mizere: wasuntha ndani, kumbuyo kwake kuli chiyani, nkhope yake ikuti chiyani. Ukapeza zachilendo undilemberenso, nanenso zandichititsa chidwi.

Koma samala. Ukapepesa, usayambenso kumuwerengera chamumtima. Akalowa, mapazi ako akhale pamene ali. Akapanda kulowa, ndiye kuti wakuyankha. Umupatse moni, umutchajire foni yake, umusiye.