Tisunge Wapita Kuchikazi

Springburn, Glasgow
20 Okutobala 2024

Wokondedwa mng'ono wanga Zangaphee,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana onse. Kodi bondo lija likukusowetsabe mtendere? Ine kuno ndiliko, kungoti kuzizira kwayamba kale ndipo dzuwa likumaweruka msanga ngati waganyu waulesi. Japhet ndi mkazi wake Skye ali bwino. Mdzukulu wako Tisunge wakwanitsa zaka khumi, msinkhu wandifika m'khutu.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni ukanandiseka ndisanamalize. Nsanje yandigwira, mng'ono wanga. Ine ntchembere yaimvi, mayi wa Chigwirizano, ndikuchitira nsanje asewere anga aPhyllis, amayi ake a Skye. Ndipo chomwe tikulimbirana si china koma Tisunge.

APhylliswo amakhala ku Pittenweem, m'dera lotchedwa Fife, m'mphepete mwa nyanja yamchere. Mu Ogasiti tinapitako banja lonse kukacheza sabata imodzi. Timatauni take n'tating'ono, tina sitingapose Nathenje, koma kalikonse kali ndi mbiri yake, ndipo aPhyllis amaidziwa yonse pamtima. M'mawa uliwonse ankamugwira Tisunge padzanja, ulendo. Ku St Monans anamuonetsa pamene makolo ankaphikira madzi a m'nyanja kuti apeze mchere. Kwawo komweko anamulowetsa m'phanga momwe akuti munkakhala munthu wa Mulungu kalekale. Ku St Andrews tinaona zipupa za tchalitchi chachikulu chomwe chinagumuka agogo athu asanamve n'komwe za Baibulo. Akuti dera lonselo linali ufumu wa anthu otchedwa Apikiti, omwe anasiya miyala yozokota. Onsewo ali patsogolo kuseka, ine m'mbuyo nditanyamula chikwama cha majuzi ndi masangweji.

Chomwe chinandibaya kwambiri n'kumanda. Kumeneko mayina amakhala pamiyala zaka mazana osafufutika. APhyllis anamuwerengera mwana mayina a amayi awo, agogo awo, mpaka mibadwo isanu, ndi amuna amene anapita kukagwira nsomba osabwerera. Tisunge ankatsatira zilembozo ndi chala, nkhope ili ndwii. Potsanzikana anamuveka juzi yoluka okha, malukidwe ake akuti ndi omwe ankalukira asodzi a m'banja mwawo. Mpaka lero juziyo savula. Diresi yachitenje imene ndinamusokera ine, maso akuwawa, ili m'dirowa yopindapinda.

Ndiye mwezi watha kusukulu anawauza kuti aliyense alembe za kumene makolo ake anachokera. Mwana anabwera kwa ine ndi kope lake, ndipo mumtima ndinati nthawi yanga yakwana. Ndinamukhazika pansi. Ndinamuuza kuti nafenso tinali ndi ufumu, wa Kalonga, ndipo aphunzitsi athu ankati unakafika mpaka kunyanja yamchere ku Mozambiki, choncho za nyanja asationere pansi. Kenako ndinayamba kutchula mayina: amayi athu, agogo aNaphiri, amayi awo a agogo, ndi amalume amene ankayang'anira mbumba yathu ku Nkhoma.

Tisunge anandifunsa m'Chingerezi chake chothamanga chija kuti bwanji ndikungotchula a kuchikazi okhaokha. Apa m'pamene ndinadzitchera ndekha. Ndinafotokoza monyadira, chifuwa chili patsogolo, kuti kwathu mwana ndi wa kuchikazi, mudzi wake ndi wa amayi ake, bambo ndi mkamwini wongobwera. Mwanayo analuma pensulo yake. Kenako nkhope inawala. Anati ndiye kuti ngakhale pa mwambo wa ku Malawi iye ndi wa ku Pittenweem, mbumba ya agogo aPhyllis! Anandikumbatira, n'kuthamangira foni kukawauza nkhani yabwinoyo. Japhet anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinalowa m'khitchini n'kuyamba kutsuka mbale zotsuka kale.

Tsiku loonetsa ntchito zawo ndinapita. Pepala la Tisunge linali lalikulu kuposa onse: matauni onse a m'mphepete mwa nyanja ija atandanda, maboti, phanga, miyala ya kumanda. Ine ndinapezeka pakona, kachithunzi kochepa ngati sitampu, pansi pake atalemba kuti awa ndi amayi a bambo anga amene anandiphunzitsa kuti ndine wa ku Fife. Aphunzitsi anandigwira chanza, akuti mwambo wathu ndi wosangalatsa kwambiri. Ndinamwetulira, mano okha.

Chondipweteka china n'chakuti aPhyllis alibe cholakwa chomwe ndingakuuze. Ndafufuza, sindinachipeze. Amandiimbira foni, amanditumizira nsomba zowamba, ndipo andiitana kale ku Khirisimasi. Munthu ukafuna kudana naye iye n'kumakukonda, umasowa pogwira.

Pobwerera kusukuluko, tili m'basi, ndinamudandaulira Japhet kuti mwana wake sakundiwerengera. Ulendo uno sanaseke. Anayang'ana pawindo n'kunena motsitsa kuti iyenso nkhope ya agogo ake a kuchimuna saikumbuka.

Zangaphee, ukukumbuka chaka chomwe ukwati wanga unatha, bambo a Japhet atanyamula bulangete lawo n'kubwerera kwawo ku Linthipe? Amayi awo aNambewe anabwera wapansi, dengu la mtedza pamutu, nkhuku m'khwapa. Anapempha mwaulemu kuti Japhet akakhale nawo sabata imodzi yokha patchuthi. Ine ndinawayankha kuti ana ndi a kuchikazi, kwawoko alibeko gawo. Anakhala pakhonde akumuyang'ana mwanayo akukankha galimoto yake yamawaya, ndipo dzuwa litapendeka anatsanzika. Unawaperekeza ndiwe, ine sindinadzuke n'komwe. Nkhukuyo tinadya.

Zaka makumi atatu ndakhala ndikuganiza kuti tsiku limenelo ndinachita zamwambo. Ine Tisunge ndimamuona tsiku lililonse, ndimamupesa tsitsi, komabe zandiwawa chonchi chifukwa cha juzi ndi pepala. Nanga aNambewe aja?

Pempho langa ndi limodzi. Unandiuza pa Isitala kuti aNambewe akadali moyo koma akufooka. Chonde usadikire mvula, pita ku Linthipe mwezi uno. Muenivelopumu ndaikamo zithunzi ziwiri, cha Japhet ndi cha Tisunge. Juzi wavalayo ndi yomwe ija, anakana kuvula, ndipo ndasiya kulimbana nayo. Ukawapatse m'manja, ukawauze kuti mwana wagalimoto yamawaya uja ndi ameneyu, ndipo uyu ndi mdzukulutuvi wawo. Ukatenge kope, ukalembe mayina a makolo awo onse amene angakumbuke ndi midzi imene anachokera. Kwathu mayina sakhala pamiyala, akapita iwowo apita nawo. Japhet wavomera kuti tibwere tonse mu Julayi, ndipo ndamuuza kuti tikatsika ndege tidzayambira ku Linthipe tisanafike ku Nkhoma. Amalume akadandaula, ndidzayankha ndekha.

Ngati aNambewe angafunse za ine, usandikometsere. Ukangonena kuti Ketrina naye wakhala pakhonde paja, ndipo waona mmene pamawawira.

Undiperekere moni kwa alamu anga, amalume ndi akazi awo, azakhali, ana ako onse ndi adzukulu, osaiwala amayi anzanga a Chigwirizano. Koma moni woyamba ukapereke ku Linthipe, utagwada, ndipo ukawaitane dzina limene ndinawamana: agogo ake a Japhet.

Utsale bwino, Mulungu akusunge.

Ndine mkulu wako,
Ketrina